Moto wa M'mankhusu Kuseri kwa Chigayo

Anzanga, zimene ndikuuzeni panozi sindinazimve pa wailesi kapena kwa amayi apamjigo ayi, zinandichitikira ine ndemwe, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene akukayika abwere ndimuvulire nsapato aone kuphazi kwanga, chifukwa zipsera zake ndikuyenda nazo mpaka lero. Mayina sinditchula, osati kuti ndaiwala, ndingaiwale bwanji, koma eniake ali moyo, ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi magazi anga enieni.

Kwathu ndi kuchigwa kuno kwa Phalombe, cha ku Chiringa, ndipo ndili ndi mng'ono wanga wamkazi amene amagwa khunyu. Matendawa anamuyamba ali wamng'ono atadwala malungo aakulu, ndiye kuyambira pamenepo anakula ngati mlendo pakhomo pa makolo ake, mbale yakeyake, kapu yakeyake, mphasa yakenso payekha. Tonse tinakulira kumva kuti munthu wotere akagwa usamukhudze, thovu la pakamwa pake likakudonthera, kaya akaphwisa iwe n'kupuma mpweyawo, basi matenda alowa kwanu. Choncho akagwa pabwalo tinkamusiya mpaka adzuke yekha, n'kudzisasa fumbi, n'kupitiriza ntchito yake, ndipo poti pamchenga sipapweteka munthu kwenikweni, tinkaona ngati mwambowo ndi wabwinobwino. Koma ntchito ndiye ankaidziwa mtsikana uja. Lichero likakhala m'manja mwake mpunga unkachita kuvina, moti amayi ena ankamuitana kukawapetera, iwo atakhala poteropo n'kumamuyamikira chapatali.

Nthawi imeneyo iye anali namwali wamkulu ndithu, ine ndili pabanja, ndili ndi pathupi pa mwana wanga wachiwiri, mimba itafika poti kuwerama kumafuna kuyamba wapangana nako. Unali mwezi wotentha uja mvula isanayambe, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tsikulo tinapita awiri kuchigayo kukakonoletsa mpunga, iye atasenza thumba, ine nditanyamula lichero ndi pakamwa pangapa, poti amayi amati ine ndinabadwa pakamwa patatsogola.

Amene simunakhaleko kudera la mpunga ndikuuzeni za mankhusu, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuseri kwa chigayo cha mpunga kumakhala mulu wa mankhusu wautali kuposa munthu, ndipo amayi amaloledwa kukapeta pamenepo kuti apezemo timpunga tosweka tophikira phala. Mulu ukakula kwambiri eni chigayo amayatsa mbali yakale kuti malo apezeke. Tsono moto wa mankhusu si moto umene mukuudziwa inu. Ulibe malawi, utsi wakenso ndi wongofuka pang'ono, pamwamba pamangooneka phulusa lotuwa ngati zonse zinazima kalekale, koma m'kati muli psuu, ndipo umanyeka choncho masabata. Ife tonse tinkadziwa zimenezi, ana tinkawakalipira akayandikira, koma popeta munthu umatsata kumene mphepo ikulowera, ndiye tsikulo mphepo inawakankhira amayi kufupi ndi mbali yoyakayo.

Ine ndinatsala m'kati pamzere kudikira thumba lathu, mng'ono wanga n'kutenga lichero kupita kuseri. M'chigayo mukudziwa mmene injini imalirira, munthu ngakhale akutukwane pafupi umangomusekerera. Sindinamve kukuwa kulikonse. Ndinangoona mayi wina akudutsa pakhomo chothamanga manja ali kumutu, kenako wina, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinatuluka ndi mtima wokaonerera ndewu, ndikuyenda mwakachetechete ngati mayi wapakati, n'kumadzifunsa kuti kodi lero alandana mwamuna ndani.

Nditakhota pakona ndinapeza anthu ataima mozungulira, patali ndithu, amayi ambiri ndi abambo angapo, ena atatseka mphuno ndi nsalu. Poyamba ndinayesa akutseka chifukwa cha utsi. Nditasuzumira pakati pawo ndinaona chitenje chimene ndinachidziwa, chifukwa ndinamugulira ndine. Mng'ono wanga anali atagwa chammbali m'munsi mwa mulu woyaka uja, dzanja lamanja litalowa m'phulusa mpaka m'phewa, thupi lonse likugwedezeka, ndipo akagwedezeka phulusa linkagumuka n'kuonetsa kufiira kwa m'kati, iye n'kumalowerabe. Lichero lake linali likuyaka pambali pake. Bambo wina anali ndi nsungwi yaitali, ataima kutali mmene nsungwiyo inathera, akuyesa kumutembenuza nayo ngati mmene timachitira ndi mbatata yootcha, koma m'malo momutulutsa ankangomukankhira m'kati. Anthu aja sanali oipa mtima, ena ankalira ndithu, ena akuitana Yesu, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene phazi lake linasuntha.

Ndinakuwa n'kuyamba kuthamanga, koma sindinapite patali, wina anandigwira m'chiuno kumbuyo. Anali azakhali anga, alongo awo a bambo, amene anandilera ine ndi mng'ono wangayo amayi atadwala chaka china, ndipo anandigwira ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti ali nazo. Anandiuza kukhutu kuti:

"Iwe uli ndi mwana m'mimba. Ukufuna odwala akhale awiri pakhomo pamodzi?"

Ndisakunamizeni, mawu aja anandilowa, ndipo ndinaima. Zimene unayamwira sizichoka tsiku limodzi. Ndinaganiza za mwana amene ankandiponda m'mimbamo, ndinamuona akukula ndi kapu yakeyake. Amayi ena anayamba kuthandizira azakhali, akuti dikira pang'ono zimusiye, akadzuka atuluka yekha monga amachitira masiku onse. Atuluka yekha pamoto? Kenako mphepo inatembenuka n'kundibweretsera fungo, la tsitsi ndi la mnofu, ndipo fungo limenelo ndi limene linandimasula. Ndinamasula mfundo ya chitenje changa, azakhali n'kutsala atagwira nsalu yokha, ine n'kulowa m'phulusa muja ndi kasiketi kam'kati.

Mapatapata anga anasungunuka pomwepo, ndinawamva akumata kuphazi, koma ululu unabwera pambuyo. Ndinamugwira mng'ono wanga mwendo ndi lamba wa siketi n'kukoka chobwerera m'mbuyo, ndikugwa n'kudzukanso, mpaka tinafika pa dothi. Anthu aja anafutukuka kutipatsa malo, malo aakulu zedi. Dzanja lija sindilifotokoza, pali ena akuwerenga akudya. Ndingonena kuti bulauzi yake inali ya nayiloni ndipo sinkadziwikanso kuti nsalu ndi iti, khungu ndi liti.

Apa tsono aliyense anasanduka dokotala. Amene anakanika kusuntha phazi, pakamwa pokha panamasuka, wina akuti thamangirani mazira, wina akuti tomato, wina mankhwala otsukira mano, wina dothi la pachulu, wina akuti mumatule nsaluyo msanga isanaume, ndipo wina anaponya supuni kuchokera kumene anaimako kuti ndimuike m'kamwa asadzilume lilime. Ine mutu unali utaima. Ndinkangomuitana dzina, iye maso ali m'mwamba, thovu likutuluka, kupuma kwake kukumveka ngati munthu amene akumira. Ndinadziwa kuti mwana wa amayi anga akundifera m'manja, pakati pa anthu, ndipo ndinalibe chochita.

M'pamene ndinakumbukira foni imene inali m'kathumba kolendewera pakhosi panga. Ndisanakwatiwe ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Blantyre, ndipo tsiku lina a zozimitsa moto a mumzinda anabwera pamsika wa kudera lathu ndi chigalimoto chawo chofiira kudzaphunzitsa anthu za mbaula, makandulo ndi mawaya a magetsi. Ine ndinaimapo chifukwa chofuna kuchedwa kubwerera kuntchito, zimene ananena sindinasunge n'chimodzi chomwe, koma anatikakamiza tonse kusunga nambala yawo, akuti iwo sazimitsa moto wokha, amathandizanso ovulala. Ndinailemba kuti Moto, ndipo bambo a kunyumba ataipeza tinakangana tsiku lathunthu, akuti ameneyu ndi mwamuna wanji woti mpaka kumutcha dzina lotere. Nambala ija inasamuka nane mafoni onse popanda kuiimbapo. Munthu wakuchigwa kuimbira ozimitsa moto a mumzinda, si misala imeneyo? Koma womira amagwira ndi udzu womwe, ndinaimba.

Anayankha bambo wa mawu okhazikika, n'kufunsa kuti moto uli dera liti. Nditanena kuti ku Phalombe, kuchigayo cha kufupi ndi Chiringa, anandiuza mosabisa kuti kumeneko n'kutali, galimoto yawo singafike nthawi yoti n'kuthandiza. Ndinamulalatira bambo uja, anzanga, mawu amene ndinanena sindingawalembe pano, ndinamufunsa ngati ife akumudzi sitipsa, ngati khungu lathu ndi la chikopa cha ng'ombe. Anandisiya ndithe, kenako anati:

"Mayi, galimoto sifika, koma ine ndilipo ndipo sindidula. Wapsayo akupuma?"

Kuyambira pamenepo ndinasanduka manja ake. Anandiuza ndimugoneke chammbali, mbali yosapsayo, kuti thovu lituluke lisamutsamwe, ndipo supuni ija ndiitaye kutali, m'kamwa musalowe kanthu. Anati nsalu imene yamatirira ndisaikoke ngakhale pang'ono, koma chibangili ndi mphete ndivule msanga dzanja lisanatupe. Za mazira, tomato ndi dothi anakana zonse, akuti zimenezo zimangotsekera moto m'kati ndi kulowetsa matenda pabala. Chimene ankafuna ndi madzi, madzi oyera ozizira, ambiri, ndizithira pang'onopang'ono osalekeza mpaka iye atanena kuti basi, chifukwa mnofu umapitiriza kupsa ngakhale munthu wachoka pamoto.

Mjigo unali pafupi, kungodumpha msewu. Ndinapempha kuti andithandize kumunyamula tikamugoneke pamenepo, koma amayi oyang'anira mjigo anakana kwamtuwagalu, akuti pamenepo m'pomwera mudzi wonse, thovu lija likalowa pansi ana onse agwa. Ndinagwada pa dothi, ine mayi wapakati, mapazi akuyamba kuyaka tsopano, n'kuwapempha m'dzina la Mulungu amene timamuimbira limodzi Lamulungu. Bambo wa pafoni uja anamva zonse, ndipo anati ndikweze mawu a foni kuti alankhule nawo yekha. Anawauza kuti pantchito yake ananyamulapo anthu akhunyu ndi manja ake, thovu likumudonthera, ndipo iye ndi ana ake ali bwinobwino, matendawa sapatsirana. Mukuganiza kuti anamumvera? Wina anayankha kuti za m'tauni n'zina. Chimene anavomera n'choti azitunga madzi, koma ndowa azitula patali, ine ndizikatenga ndekha.

Ndiye zinayenda choncho, iwo kutula ndowa poteropo ngati akupatsa chakudya galu woluma, ine kudzuka, kukaikoka, kubwera nayo, kuthira, ikatha kudzukanso. Matuza a kuphazi anaphulika, ndinkaponda ngati ndikuponda minga, msana ukukoka, m'mimba mukumangika, ndipo ndinayamba kuopa kuti mwana atulukira pomwepo. Pakati pa zimenezi mayunitsi anatha, foni n'kuduka. Ndinalira ngati mwana, chifukwa mawu aja ndi okhawo amene anali pafupi nane pabwalo lonse lija. Koma isanathe ndowa imene ndinali nayo foni inalira, anali bambo uja, waimba yekha, n'kufunsa kuti tafika pati.

Panali mayi wina wachisilamu amene ankagulitsa mandasi pakhomo pa chigayo, munthu wosalankhulalankhula, amene sindinkacheza naye kupatula kumunena kuti mandasi ake akuchepa. Mayi ameneyu anandiyang'ana ndikukwawa ndi ndowa, ndipo sindikudziwa chimene chinamuchitikira mumtima, anangosenza ndowa yake n'kudutsa malo opanda munthu aja mpaka kudzagwada pambali panga. Anzake atamukuwira anangoti zikandigwira zindigwire, n'kundilanda kapu imene ndinkathirira madzi. Kuchokera pamenepo iye ankathira, ine nditagwira mutu wa mng'ono wanga pamiyendo, ndipo kugwedezeka kuja kunayamba kuchepa mpaka kunasiya. Atatsegula maso sanadziwe kumene ali, anangoyamba kubuula, kubuula kwake kosaiwalika, koma bambo uja anati kubuulako n'kwabwino, ndiye kuti ali nafe.

Atanena kuti madzi akwana, anatiuza timufunditse nsalu youma kuti asazizidwe, pabalapo tiphimbe ndi nsalu yoyera yochapa osamanga, ndipo tithamangire kuchipatala osadikira china chilichonse. Mayi wa mandasi anapereka nsalu imene anasungira kuvala popita kokapemphera. Vuto linatsala la choyendera. Anyamata a njinga zamoto amene amaima pamsewu, amene tsiku lililonse amatilimbirana mpaka kutikoka zikwama, tsikulo aliyense njinga yake inali ndi vuto, wina mafuta, wina tayala. Anavomera ndi bambo wina wachikulire, nayenso atayamba wamanga mpango kumphuno, ndipo tinakwera atatu, mng'ono wanga pakati, ine kumbuyo nditamukumbatira ndi mimba yangayo, mapazi ali lendelende. Pamene njinga inkanyamuka bambo wa pafoni anati tsopano ndikusiyani m'manja mwa achipatala, mwagwira ntchito mayi. Dzina lake sindinafunse, ndipo nditaimbanso patapita masabata anayankha wina amene sanathe kudziwa kuti ndikunena uti.

Pachipatala chaching'ono anamuika madzi a m'mitsempha n'kuitana ambulansi, kuchipatala chachikulu anamugoneka masiku, kenako anatitumiza kumzinda. Moyo wake unapulumuka, ndipo adokotala ananena kuti madzi aja ndi kumugoneka chammbali kuja n'zimene zinamusunga. Koma dzanja analidula m'munsi mwa chigongono. Namwino wina akutsuka bala anandifunsa kuti kodi anakhalamo nthawi yaitali bwanji m'motomo, chifukwa munthu wongogwera n'kukokedwa msanga amapsa khungu lokha, koma kupsa kofika pafupa kotereku n'kwa munthu amene anagonamo. Nthawi imene ankagwa ine ndinali m'chigayo. Amene akudziwa ndi aja anaima mozungulira.

Mwana wanga anabadwa mvula itagwa, wamkazi, ndipo pano ali kusukulu, sanagwepo n'kamodzi komwe, matenda ake ndi pakamwa basi ngati mayi ake. Mayi wa mandasi nayenso ali bwinobwino, ndipo sindinenanso za kuchepa kwa mandasi ake. Mng'ono wanga amamwa mankhwala a kuchipatala mosadumphitsa, kugwa kunachepa kwambiri, anaphunzira kulima ndi kuchapa ndi dzanja limodzi, koma kupeta kunatha, lichero silimvera dzanja limodzi. Nthawi yokolola akamva amayi akupeta amalowa m'nyumba.

Chimene chimandidya n'chakuti iye za tsikulo sakumbuka kanthu, amangodziwa kuti anapita kuseri kwa chigayo n'kudzidzimukira kuchipatala. Azakhali aja amabwera kudzamuona, amamubweretsera nandolo ndi makaka a chinangwa, ndipo iye amawakonda kwambiri. Tsiku lina ndikumumanga mpango kumutu, poti yekha zimamuvuta, anandiuza mosadandaula n'komwe kuti:

"Achemwali, ine ndiye ndinali ndi tsoka. Kugwa tsiku loti kuseri kuja kunalibe munthu."

Ndinangomangitsa mfundo ya mpango n'kumuuza kuti wakhala bwino. Mpaka lero sindinamuuze, ndipo sindikudziwa ngati ndidzamuuze, chifukwa ndikamuuza ndiye kuti ndamulandanso anthu onse amene amawapatsa moni m'mawa.

Pano chimene ndimakhulupirira n'chakuti moto unangotenga khungu, dzanja lija linadyedwa ndi mantha athu, ndipo mantha amenewo tinachita kuphunzitsana tokha, kuyambira pa kapu ndi mbale. Ndimakhulupiriranso kuti kuno kwathu, kumene galimoto yofiira sidzafika msanga, wozimitsa moto ndi iweyo amene waima pafupi. Choncho ndikupempheni, inu a kuchigwa ndi kwina konse, musalole wodwala khunyu kugwira ntchito pafupi ndi mankhusu oyaka, uvuni wa njerwa kapena moto uliwonse popanda womuyang'anira, ndipo akagweramo musafunefune nsungwi, musadikire m'bale wake, mugwireni ndi manja anu mumukoke, kenako madzi, osati mazira. Ngati mantha akukuvutanibe mukasambe m'manja pambuyo pake, sopo aliko kugolosale. Dzanja la munthu si chinangwa choti ukadula chiphukanso.